Pillar drill ya ndalama zochepa: iti ingakugwirireni ntchito pashedi yapakhomo?

Alamu anga atatsegula okala ku Area 25, anandipempha kuti ndiwapangire mashelefu achitsulo omanga ndi mabawuti, kuti landilodi akadzawavuta adzangomasula n'kunyamula. Ndinawerenga mabowo ake: 96, onse a 8mm, pa angle iron. Ine ndinali ndi drill yogwira m'manja basi. Pofika bowo la 30 ndinali nditathyola mabiti awiri, dzanja litachita dzanzi, ndipo poyesa kumanga ndinapeza kuti mabowo ena apendama, bawuti ikulowa mbali imodzi koma kukana kutulukira inayo. Loweruka lonse linathera pa kukuza mabowo ndi tupa. Madzulo ake nditawauza mayi akunyumba kuti ndikufuna kugula pillar drill, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga ija mumasokosa nayo ija si drill, bambo?"

Funso lawo silinali lolakwika, pakuti biti imazungulira chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti pillar drill imaima pamzati wachitsulo, mota ili kumbuyo, lamba akutenga mphamvu kuchoka pa pule ya mota kukafika pa pule ya kutsogolo. Inu mumangotsitsa chogwirira, biti n'kulowa choongoka, bowo loyamba ndi lomaliza kufanana ngati mapasa. Amene anaphunzira zaumisiri ku Soche, ku Nasawa kapena ku Lilongwe Technical amawadziwa makinawa, akuluakulu aja omangirira pasimenti. Ife a kashedi kamalata kuseri kwa nyumba thumba silifika kumeneko. Zimene tingakwanitse ndi sitandi yomangapo drill imene tili nayo kale, kamakina kakang'ono ka maliwiro asanu, makina apakati a maliwiro 12 kapena 16, kapenanso akale ogwiritsidwa kale ntchito. Zonsezi ndinazizungulira kwa miyezi ndisanatulutse ndalama.

Yambani ndi liwiro, mawati abwere pambuyo

Mukalowa m'shopu ya hardware ku Area 2 kapena ku Limbe, mnyamata wogulitsa amayamba ndi mawati. "Bwana, iyi ndi 500 watts, yamphamvu zedi." Inunso maso amathamangira pomwepo. Koma tsegulani chivindikiro chapamwamba, chobisa lamba chija. Mkati mwake mumakhala kapepala komata kosonyeza liwiro la makinawo malinga ndi pamene mwaika lamba. Yang'anani nambala yotsikitsitsa. Imeneyo ndiyo inene ntchito zimene makinawo angagwire ndi zimene adzakane.

Biti ikakula, m'mphepete mwake mumayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi, ndiye imafuna kuyenda modekha. Mukaithamangitsa imatentha, nsonga n'kusanduka yabuluu, kenako imangolira kwiii pachitsulo osadya kanthu. Pa chitsulo wamba chimene timapangira mageti ndi mabagala, pogwiritsa ntchito mabiti oboolera chitsulo otchedwa HSS, masamu ake ngosavuta: gawani 8,000 ndi kukula kwa biti m'mamilimita. Yankho ndiye maulendo amene biti iyenera kuzungulira pa mphindi imodzi, omwe pakapepala paja amalemba kuti rpm. Biti ya 6mm imafuna cha m'ma 1,300. Ya 8mm, 1,000. Ya 13mm yatsikira kale ku 600, ya 16mm ku 500. Mukafuna kuboola bowo la loko pachitseko chachitsulo ndi hole saw, biti yonga kakapu ka mano a sowo, ya 40mm, liwiro lake ndi 200 basi. Pa stainless, monga sinki yakukhitchini, nambala zonsezi muzidule pakati, mwinanso kutsikirapo.

Thabwa silivuta chonchi. Paini wa ku Chikangawa amalola liwiro lililonse pa mabiti ang'onoang'ono. Koma ikani biti ya Forstner ya 35mm, ija yoboolera mahinji a makabati, pa mlombwa kapena mbawa youma bwino, n'kuithamangitsa pa 1,500, muone utsi ukufuka ndi bowo lakuda ngati mwaliotcha ndi khala. Imeneyo imafuna 500 kapena 600.

Za mawati, werengani kachitsulo komata pa mota. Pa makina ambiri otsika mtengo pamalembedwa zonga "500W S2 15 min". Tanthauzo lake n'lakuti mphamvu imeneyo mota imaikwanitsa kwa mphindi 15 zokha, kenako iyenera kupuma kuti izizire. Si chinyengo, anakulemberani, koma wogulitsa sakuwerengerani mzere umenewo. Mota ya 350W yokhala ndi liwiro lotsika bwino imaboola bowo lalikulu mosavuta kuposa ya 500W imene singatsike, chifukwa lamba akachepetsa liwiro amaonjezera mphamvu yopotokola.

Sitandi

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndiyo sitandi, kamzati kokhala ndi chogwirira kamene mumamangapo drill yanu yam'manja. Madrill ambiri a nthambo ali ndi khosi lozungulira la 43mm kuseri kwa chuck, kamutu kogwira biti kaja, ndipo masitandi amapangidwira khosi limeneli. Ambiri a batire alibe khosilo, choncho yang'anani yanu musanagule.

Kwa kalipentala woboola timabowo ta madawo pa paini, kapena wokonza mawailesi ndi zina zopepuka, sitandi imathandiza ndithu. Pa chitsulo ndiye imakhumudwitsa. Zotsika mtengozo mzati wake ndi paipi yopyapyala, mukakanikiza mutu wonse umagwadira kumbuyo, biti n'kulowa mopendama, vuto lija mumalithawa lija. Drill yam'manja nayonso mukaitsekera kuti iziyenda yokha imathamanga kwambiri, ndipo mukaichepetsa liwiro mphamvu imatha. Phokoso lake anthu oyandikana nawo sakupatsani moni mawa lake. Masitandi olimba alipo, monga a Wabeco a ku Germany, koma mtengo wake umafika pa wa pillar drill yathunthu. Ine ndimaiona sitandi ngati yogwirizira podikira, osati mathero a ulendo.

Kamakina ka maliwiro asanu

Aka ndiye kamene mungakapeze paliponse. Mayina ndi ambiri, Ingco, Total, Ryobi, Mac Afric ya ku Adendorff ku Joni, Clarke ndi Draper kwa abale athu a ku Britain, koma mukaziika pamzere zimafanana ngati ana a nyumba imodzi, utoto wokha ndiwo wosiyana. Mota imakhala ya 250W mpaka 350W, chuck yogwira biti mpaka 13mm, mzati wa pafupifupi 46mm, kulemera kwake makilogalamu 15 mpaka 20. Munthu mmodzi amakanyamula, pakabaza kamakwera.

Zabwino zake zilipo ndipo sindizinyoza. Mota yake ndi ya induction, yopanda makaboni, imangoti mmmm osadzutsa mwana wogona. Pa mabowo a 3mm mpaka 8mm pachitsulo, kapena mabowo wamba pathabwa, kamagwira ntchito yaukhondo imene dzanja silingafikepo. Mashelefu a alamu anga aja kakanawamaliza m'mawa umodzi. Lamba ndi mmodzi, mapule awiri, chowonongeka n'chochepa.

Malire ake ali patatu. Poyamba liwiro lija: lotsikitsitsa limakhala pakati pa 500 ndi 650, lokwera cha m'ma 2,600. Bwererani ku masamu aja muone kuti biti ya 13mm, imene chuck ikulola, ili kale pamphepete penipeni. Pochita zenizeni, mukadutsa 10mm pachitsulo chochindikala lamba amayamba kuterereka kapena mota kuima. Hole saw pachitsulo musayese n'komwe, mano ake atha musanafike pakati.

Chachiwiri ndi mtunda umene biti imatsika, womwe ndi 50mm basi. Thabwa la 2 by 4 mukaligoneka mungalibooleko movutikira, koma mukaliimika biti imathera panjira. Mumayenera kuima, kukweza tebulo, kupitiriza, ndipo bowo limasokonekera pomwepo. Kuchoka pamzati kufika pansonga ya biti palinso mpata wa masentimita 10 okha, kutanthauza kuti simungaboole pakati pa thabwa lotambalala kuposa masentimita 20.

Chachitatu, chimene simungachione pabokosi, ndi tebulo. Limangogwidwa ndi bawuti imodzi yofinya mzati. Mukamasula limagwa lokha ngati simunaligwire, ndipo mukakanikiza biti yaikulu limawerama pang'ono, bowo n'kupendama. Amisiri anzeru amaika chidutswa cha thabwa kapena jeki yakale yagalimoto kunsi kwa tebulo kuti lisagwade. Zimathandiza, koma zikusonyezani mtundu wa makina amene mwagula.

Ndani akagule? Wopanga mipando yopepuka, wokonza njinga ndi ziwiya zapakhomo, wophunzira amene akufuna kuzolowera, ndi aliyense amene akudziwa kuti mabowo ake sapitirira 8mm. Ngati m'mutu mwanu muli mageti, ngolo kapena matrela, ndalama imeneyo isungeni muonjezere.

Makina apakati, a maliwiro 12 kapena 16

Apa ndipo pamene pillar drill imayamba kukhala pillar drill. Mukatsegula chivindikiro mupeza mapule atatu ndi malamba awiri, ndipo pule yapakatiyo ndi imene imatsitsa liwiro mpaka cha m'ma 200 kapena 250. Nambala imeneyo imatsegula ntchito zonse zimene kakang'ono kaja kamakana: biti ya 16mm pa flat bar, hole saw pachitseko chachitsulo, Forstner pa mlombwa popanda utsi, stainless popanda kutentha mabiti. Mota imakhala ya 450W mpaka 750W, chuck ya 16mm, mzati wa 58mm mpaka 70mm ndi kupitirira, biti imatsika 60mm mpaka 80mm. Kulemera ndi makilogalamu 35 kupita m'mwamba, ndipo pa makina awa kulemera ndi dalitso, chifukwa chitsulo cholemera chimameza kunjenjemera.

Tebulo limakwera ndi kutsika ndi chopukusa choyenda pa mano achitsulo otsamira mzati. Zimaoneka ngati zachabechabe mpaka tsiku limene mwamanga vaisi yolemera patebulo n'kufuna kulikweza ndi 5mm yokha. Pa kakang'ono kaja pamafunika manja atatu.

Ubwino wina wobisika uli pamene chuck imalumikizana ndi shafiti. Pa ting'onoting'ono, chuck imangokhomeredwa kunsonga ya shafiti pa kachitsulo kosongoka kotchedwa B16 kapena JT33. Pa apakati ambiri shafiti imakhala ndi bowo losongoka la Morse, lolembedwa MT2. Mumalowetsa kamphero kachitsulo pa kazenera kam'mbali, kugogoda kamodzi, chuck yonse n'kutsika. Ndiye mungathe kuika chuck ina yabwino yoyambayo ikatha, kapena kulowetsa mabiti akuluakulu a tsinde losongoka mwachindunji popanda chuck. Makina otere amakula nanu.

Vuto lake ndi ulesi wathu tomwe. Kusintha malamba awiri kumafuna kumasula mota, kusuntha lamba uyu, kusuntha uyo, kukokanso mota, manja ali bii. Ambiri amene ndawaona amasiya pa liwiro limodzi chaka chonse. Ngati nanunso muli otero, siyani pa 500 kapena 600. Biti yaing'ono ikayenda mochedwa imangotenga nthawi, koma yaikulu ikathamanga imafa.

Makina omwewa amabwera pawiri: a pabenchi ndi oima pansi a mzati wautali. Mutu ndi umodzimodzi. Woima pansi amathandiza mukafuna kuboola kunsonga kwa mwendo wa tebulo kapena chinthu chachitali, komanso sakudyerani malo pabenchi. Koma ndi wolemera kumutu, mwana akakoka chogwirira atha kumugwera, choncho mumangirireni pasimenti ndi marawlbolt, mabawuti ogwira m'simenti, tsiku lomwe wafika. Kumangirirako kumavutitsanso akuba, pajatu shedi yamalata si banki.

Mtengo nthawi zambiri umaposa kawiri wa kakang'ono. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja m'mashopu sikhazikika, ndiye funsani malo atatu tsiku limodzi ndipo mufanizire makina ofanana liwiro lotsika ndi kukula kwa mzati, osati dzina lapabokosi. Ena amatuma m'bale wa ku Johannesburg kuti agule kumeneko n'kutumiza pa basi kapena pa thiraki kudzera ku Beitbridge, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza. Zimatheka, koma muwerengere za mayendedwe a katundu wa makilogalamu 40, msonkho wa MRA pachipata, ndi zakuti tebulo ndi tsinde n'zachitsulo chosungunula chimene chimasweka ngati mbale chikaponyedwa. Chikasweka panjira, kapena mota ikapsa mwezi woyamba, pepala la waranti lili m'manja koma shopu ili kutsidya la malire atatu. Pulagi ya ku South Africa ya mano ozungulira muidule muike yathu ya mano afulati, musadalire kaadaputa kogwedera.

Pali mtundu winanso umene achinyamata amaukonda akauona pa YouTube, wosintha liwiro ndi kabatani popanda kugwira lamba. Chitsanzo chodziwika ndi Bosch PBD 40: mota ya 710W, liwiro kuyambira 200 mpaka 2,500, biti yotsika 90mm, ndi kagalasi kosonyeza manambala. Kwa kalipentala wa makabati ndi yokoma kwambiri. Koma imalemera makilogalamu 11 okha, mota yake ndi ya makaboni yaphokoso, ndipo mtima wake ndi kabodi ka zamagetsi. Kuno kwathu, kumene magetsi amabwera molumpha, ndimafunsa kaye kuti kabodiko kakapsa ndikakapeza kuti. Pamene pa makina a lamba, lambayo ndingamupeze kwa ogulitsa masipeyala a galimoto, maberingi a manambala ofala ngati 6201 kapena 6203 ali m'tauni iliyonse, kapasita wothandiza mota kuyamba kuzungulira ali kwa okonza mafiriji ndi mapampu, ndipo owayinda mamota alipo ku Ndirande ndi ku Mchesi komwe.

Akale

Mtima wanga uli kuno, ndinene chilungamo. Makina akale a ku Britain, a mayina ngati Fobco, Meddings ndi Startrite, anapangidwira mafakitale ndi masukulu, ndipo ngakhale atatha zaka 40 ambiri amaboola choongoka kuposa atsopano a m'bokosi. Enanso ndi a ku Taiwan a zaka za m'ma 1980, olemera bwino. Amapezeka kampani kapena esiteti ikamagulitsa katundu wakale, garaja ikatsekedwa, mwa ogulitsa zitsulo zakale, kapena m'makontena a katundu wakaunjika wochokera ku Ulaya. Sapezeka tsiku limene mukuwafuna. Muyenera kuwauza amisiri odziwana nawo kuti akamva akuimbireni, n'kukhala ndi ndalama m'thumba.

Msampha woyamba ndi magetsi. Ambiri a m'mafakitale ndi a three phase. Pakachitsulo ka mota mukaona 380V, 400V kapena 415V, kapena chizindikiro cha 3 PH, dziwani kuti pasoketi yapakhomo sayenda. Si mapeto a nkhani: mota ingasinthidwe ndi ya single phase, yoyendera magetsi apakhomo, ya 0.37kW kapena 0.55kW. Koma ikhale ya 1,400 rpm. Mukaika ya 2,800 rpm, monga zambiri za mapampu a madzi, maliwiro onse awirikiza kawiri ndipo ubwino wonse wa makinawo mwautaya. Kumbukiraninso kuti akale a ku Britain anayezedwa m'mainchi, ndiye bowo la pule silingagwirizane ndi shafiti ya mota yatsopano ya mamilimita mpaka mutapita kwa a lathe, osema zitsulo pamakina. Zonsezi ndi ndalama, muziphatikize pa mtengo musanagwirane chanza. Ochokera ku America a 110V ndi 60Hz asiyeni pomwepo.

Msampha wachiwiri ndi utoto. Ndinapita kukaona ena kwa munthu wina ku Kawale, opakidwa girini watsopano waliwali, mpaka pamzati ndi pamabawuti pomwe. Chikomekome cha mkuyu. Nditatsitsa chogwirira mpaka pansi n'kugwedeza chuck, inkagogoda khokhokho uku ndi uku. Mwini wake akuti, "Achimwene, ingofunika girisi imeneyo." Girisi sabweza chitsulo chimene chinadyeka. Maberingi otha amasinthidwa ndi ndalama yochepa, lamba ndi swichi chimodzimodzi, koma chitsulo chotsika ndi kukwera chija, chimene amisiri amati quill, chikayamba kusewera m'nyumba yake, kukonza kwake kumaposa mtengo wa makina. Dzimbiri lapamwamba ndi timabowo tapatebulo tobooledwa mwangozi zisakuopseni, ndi zipsera chabe. Mng'alu pamutu kapena pa mkono wogwira tebulo, makamaka wowotcherera n'kubisa ndi utoto, ndi chifukwa chokwanira chotsanzikira.

Magetsi athu

Magetsi a ESCOM apakhomo ndi 230V pa 50Hz, ofanana ndi a ku South Africa, Zambia ndi Britain, choncho makina a single phase ochokera kumeneko amayenda popanda kusintha kanthu. Chimene ndikuumirira ndi swichi. Funani ija ya mabatani awiri, wobiriwira ndi wofiira, yotchedwa NVR, imene imadzizimitsa yokha magetsi akathima ndipo siyatsanso mpaka mutaidina. Kumaiko kumene magetsi sathimathima amaiona ngati lamulo chabe. Kuno taganizani: magetsi athima muli pakati pa bowo, mwatukwana, mwapita kukamwa tiyi, mwasiya kiyi mu chuck, ana alowa m'shedi, magetsi abwera. Makina akale ambiri ali ndi swichi wamba yongotembenuza. Isintheni sabata yoyamba.

Mota ya induction poyamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda. N'chifukwa chake kajenereta kaja ka two stroke kolembedwa 950 kangathe kuyendetsa kamakina ka 350W mokakamiza, koma pa ya 550W kamangobuula n'kuzima. Jenereta ya 2kVA kupita m'mwamba ndiyo yopatsa mtendere. Pa sola, inveta ikhale ya pure sine wave, chifukwa zotsika mtengo zija zimatenthetsa mota ndi kuiliritsa. Madzulonso, nthawi imene aliyense wayatsa hotipuleti ndipo mababu akuoneka ofiirira, mota ikangoti hmmm osazungulira zimitsani msanga. Masekondi ochepa otero ndi amene amawotcha mawaya amkati. Ikamachita zimenezo masana magetsi ali bwino, yambani mwakayikira kapasita.

Musanapereke ndalama

Kaya atsopano kaya akale, pemphani kuwagwira. Makina a dzina limodzi, a m'shopu imodzi, amatha kusiyana, ndiye yesani omwe mutenge, osati a pawindo. Tsitsani chogwirira mpaka pamapeto, gwirani chuck, gwedezani kutsogolo ndi m'mbali. Kusuntha kongomveka pang'ono kulipo pa otsika mtengo onse, koma kooneka ndi maso kapena kogogoda ayi. Siyani chogwirira mwapang'onopang'ono muone ngati chikubwerera chokha mosakakamira.

Nyamulani biti yatsopano yaitali yochoka kwanu, ya 8mm kapena 10mm. Imangeni, yatsani, yang'anani nsonga. Iyenera kuoneka ngati yaima. Ikamajambula kabwalo m'malere, mwina chuck inakhala mopendama, mwina shafiti ndi yokhota. Yoyambayo imakonzeka: chotsani chuck, pukutani mafuta onse mbali zonse ziwiri ndi thinner, bwezerani mano a chuck mkati, ikanipo, gogodani kamodzi kolimba kudzera pa thabwa. Chuck imene imangogwa pakati pa ntchito nthawi zambiri vuto ndi mafuta omwewo. Shafiti yokhota ilibe mankhwala.

Kuti muone ngati tebulo laima bwino, pindani waya wolimba ngati Z, mangani nsonga imodzi mu chuck, zungulizani ndi dzanja makina ali ozimitsa. Nsonga inayo ikhudze tebulo mofanana mbali zonse. Kupendama kwa kumanzere ndi kumanja kumakonzedwa ndi bawuti yakunsi, koma kwa kutsogolo ndi kumbuyo n'kobadwa nako. Pomaliza kanikizani m'mphepete mwa tebulo ndi dzanja, muone ngati likugonja.

Pa ndalama zanu musiyeko gawo la vaisi ndi mabiti, ngakhale zitatanthauza kutsika pa dzina la makina. Mabiti a m'kabokosi kotchipa a utoto wagolide amachititsa manyazi makina abwino. Gulani ochepa a HSS enieni a masaizi amene mumagwiritsa ntchito, ndi amodzi kapena awiri a cobalt ngati mumakhudza stainless, ndi kabotolo ka oilo kodonthezera. Za vaisi ndili ndi umboni pa chala chamkombaphala. Sabata yachiwiri nditagula makina anga, ndinagwira ndi dzanja kachidutswa ka flat bar, ndikuti bowo limodzi lokha. Biti ya 10mm potulukira kunsi inakola, chitsulo chinazungulira ngati chikwanje, ndipo ndisanafike pa batani lofiira magazi anali pabenchi. Kuyambira pamenepo chilichonse chimalowa mu vaisi yomangirira patebulo, ndipo chachitali ndimachitsamiritsa kumanzere kwa mzati kuti chikafuna kuzungulira chigunde mzatiwo. Magolovesi ndi malaya a mikono yolendewera sizifika pafupi.

Ine ndinathera pa makina apabenchi a maliwiro 16, a 550W ndi MT2, atsopano, nditadikira akale abwino kwa miyezi isanu osawapeza. Ndinatsegulitsa mabokosi awiri m'shopumo, mnyamata wogulitsa akung'ung'udza, n'kutenga achiwiriwo chifukwa nsonga ya biti inaima zii. Chuck imene anabwera nayo inayamba kuterera patatha chaka ndipo ndinaikamo ina. Kiyi yake imakhala pa maginito a sipika yakale omata pachivindikiro, nditataya ziwiri m'utuchi. Owotcherera awiri a mumsewu mwathu tsopano amabwera Loweruka m'mawa ndi mapuleti a mahinji a mageti, mabowo a 14mm ndi 16mm amene madrill awo am'manja amakana, ndipo timawerengerana pa bowo. Alamu anga aja anasamuka kale pamalo paja, mashelefu anamasula n'kukamanga kwina, ndipo akuti akufuna ena anayi.